Chaka Chimene Agogo Anasala Basiketibolo

Fungo la mtedza wopserera likandipeza, kaya ndi pamsewu kaya ndi kunyumba ya mnzanga, ndimaona agogo a Fabiano ataima pakati pa khitchini yathu yopanikiza ku College Park, chipewa chili m'manja, akukupiza kabelu ka utsi kamene kanamatidwa kudenga. Ankakazinga mtedza m'chiwaya cha amayi masewera asanayambe, koma popeza khosi lawo linkakhala litapotokera ku kanema wa m'chipinda chochezera, mtedzawo unkada mbali imodzi, utsi n'kudzaza nyumba, kabelu n'kuyamba kulira ngati mwana wolumidwa ndi linthumbu. Kunja kunkakhala kutayera ndi sinowo, mapaipi otenthetsa nyumba akugogoda okhaokha ngati muli munthu m'kati, masokosi athu onyowa atayanikidwa pamwamba pake, ndipo kuseri kwa khoma kunkamveka mayi woyandikana nafe akufuula kuti, "Ba shikulu, mwayamba futi kutentha nyumba?"

Agogo anali bambo a mayi anga, telala wa pa Kamwendo ku Mchinji, amene anavundikira makina awo ng'ala itawaphimba maso onse awiri. Nthawi imeneyo bambo anga ankayendetsa galimoto ku ofesi ya kazembe wa dziko lathu, amayi ankasamalira odwala pachipatala china ku Bethesda, ndipo ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, Chichewa chitayamba kundilemera pakamwa. Makolo anga anawaitanitsa agogo kuti adzawachotse ng'alazo. Atatuluka m'chipatala, adokotala anawaletsa kuwerama, kunyamula katundu ndi kuyenda padzuwa, choncho tinawakhazika pampando wofewa patsogolo pa kanema. Chinthu choyamba chimene anachiona bwinobwino, patapita zaka zambiri za chifunga, sichinali nkhope yanga kapena ya mwana wawo. Anali anyamata ataliatali ovala zofiira, akuthamangitsana ndi mpira pabwalo la matabwa lonyezimira.

"Taonani kamzere koyera m'mbali mwa kabudula uja!" anafuula agogo. "Wosoka ameneyo dzanja lake n'lowongoka."

Bambo anawauza kuti amenewo ndi ana a sukulu ya ukachenjede imene inali pafupi ndi ife, yomwe mabasi ake ankadutsa pansi pa zenera lathu. Agogo anagwedeza mutu. Kuyambira tsiku limenelo anakhala "anyamata anga."

Poyamba ankati masewerawo ndi ntchemberembaye ya amuna, ndipo ankadabwa kuti anyamata akuluakulu sachita manyazi kugwira mpira ndi manja. Koma Khirisimasi isanafike anali atadziwa kale kuti woimbira wachita chinyengo liti. Mayina a osewera sanavutike nawo, anawapatsa awoawo. Wamtali koposa onse anali Nsungwi. Wamfupi wothamanga uja, amene ankadutsa m'khwapa mwa anzake, anali Kachiwala. Panalinso wina wa matako aakulu amene ntchito yake inali kukankha anthu pansi pa dengu, ameneyo ankangomutchula kuti Mlamu. Mpira ukalowa, agogo sankakuwa. Ankawomba m'manja kawiri mwaulemu, ngati mmene munthu amachitira akalandira mphatso kwa apongozi, kenako n'kuponya mtedza m'kamwa.

Mayi wa kuseri kwa khoma uja anali Bana Chanda, kutanthauza kuti amake Chanda, ngakhale Chandayo anali atakula n'kusamukira kwina. Anali namwino wa ku Zambia, wonenepa, woseka ndi thupi lonse, wolankhula Chinyanja cha ku Lusaka chosakaniza ndi Chibemba cha kwawo, mmene "ba shikulu" ndiye kuti agogo. Atangofika m'dziko muno anaphunzira ntchito yake ku North Carolina, pachipatala cha sukulu ina yovala zabuluu, ndipo sukulu imeneyo ndiyo inali mdani weniweni wa anyamata a agogo. Kwathu kuno, abuluu akabwera, ngakhale wogulitsa buledi pakona ankakwinya nkhope.

Koma udani wa awiriwa unali wakale kuposa basiketibolo. Agogo anali Mngoni, Bana Chanda anali Mbemba. Makolo a mitundu iwiriyi anabayana ndi mikondo kalekale, ndipo nkhondo itawatopetsa anapangana ubale wa chimbuya, ubale woti munyozane mmene mungathere koma wina asakwiye. Tsiku loyamba kukumana pamakwerero, atangomva za mtundu wa agogo, Bana Chanda anaika matumba awo pansi.

"Ba shikulu, mbewa mwabwera nazo zingati mu sutikesi?"

"Zokwanira, a mbuya," anayankha agogo osamwetulira n'komwe. "Nanga nyani wanu uja wa m'firiji, mwamumaliza?"

Ine ndinachita mantha, ndikuganiza kuti ayambana. Amayi anandinong'oneza kuti agogo apeza m'bale wawo.

Nyengo yozizira imeneyo ofiira ndi abuluu anakumana kawiri. Ulendo woyamba anapambana abuluu, ndipo Bana Chanda anagogoda khoma ndi mthiko mpaka chithunzi cha Papa chinapendekeka. Ulendo wachiwiri anapambana ofiira, agogo n'kudzuka pang'onopang'ono, kutenga ndodo yawo, kugogoda khoma katatu kokha, kenako n'kufunsa mokweza ngati kumeneko kuli wodwala.

Ndiye linafika Lachitatu la Phulusa, tsiku loyamba la Lenti. Titabwerako ku Misa, tonse tili ndi mtanda wakuda pamphumi, tinakhala patebulo kumwa tiyi, ndipo Bana Chanda analipo chifukwa ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi ife. Mwambo wa pakhomo pathu unali wakuti aliyense anene poyera chimene asale mpaka Pasaka. Amayi anati shuga. Bambo anati nyama. Ine ndinati maswiti, ndikudziwa kuti ndinalibe ndalama yogulira. Bana Chanda anati asala miseche, ndipo bambo anatsamwa ndi tiyi.

Agogo anali omaliza. Anaika kapu pansi, n'kupukuta milomo.

"Mulungu wandibwezera maso. Ndiye ine ndimpatsa chimene masowa amakonda koposa. Kanema sindionera. Za anyamata anga sindifuna kuona, sindifuna kumva, sindifuna kuuzidwa. Ndikawapeza Ambuye atauka."

Kenako Bana Chanda anayamba kuseka, kuseka kochokera m'mimba, mpaka anatsetsereka pampando n'kukhala pansi, miyendo itatambalala.

"Imwe ba shikulu! Mwaziba chamene mwachita? March ndiye nthawi yokolola! Masukulu yonse yamenyana, woluza apita ku nyumba. Pasaka ikafika ninshi mpira wasila, watha, kulibe! Bazayamba futi mu November."

Agogo anayang'ana bambo. Bambo anavomera ndi mutu. Agogo ankayesa kuti basiketibolo ndi ngati Misa, ya sabata ndi sabata chaka chonse, ndipo palibe amene anawauzapo kuti ili ndi nyengo ngati chimanga. Tonse tinkadziwanso chinthu china chimene palibe anachitchula: tikiti yawo yobwerera kumudzi inali ya mwezi wa Meyi, ndipo pa Kamwendo panalibe kanema. Akasunga lonjezo, Nsungwi ndi Kachiwala sadzawaonanso moyo wawo wonse.

"Ababa, simunadziwe," anatero amayi. "Mulungu akudziwa kuti simunadziwe. Sinthani, musale tiyi."

Agogo anakhudza pamphumi, n'kuyang'ana phulusa limene linatsalira kuchala.

"Munthu akalonjeza nkhuku kutchalitchi," anatero potsiriza, "kenako n'kuzindikira kuti nkhukuyo ndi imene ikuikira mazira, sapita kukhola kukasankha ya chitopa."

M'mawa mwake anatembenuza mpando wawo kuloza kuzenera. Kanema anamufunditsa chitenje ngati mtembo. Anaitanitsa zovala zonse zong'ambika za m'nyumba, kenako za Bana Chanda, kenako za Amalawi onse amene ankabwera kudzacheza kuchokera ku Annandale, ndipo madzulo onse m'nyumba munkangomveka lumo likudya nsalu ndi agogo akung'ung'udza nyimbo za Njira ya Mtanda. Bambo ankati akupita kukaona ngati galimoto anaikiya, n'kukakhala maola awiri kwa Bana Chanda. Vuto linali khoma. Linali lopyapyala moti munthu akayetsemula mbali ina, wa mbali inayo ankamufunira moyo. Masewera akayamba kumeneko, agogo ankavala jasi, chipewa cha ubweya ndi magolovesi, n'kundiuza kuti, "Bene, tiye tikaone dziko."

Pa ulendo wina woterewu, Loweruka masana, tikudutsa kuseri kwa sukulu ija, tinamva kulira kwa chitsulo, ngati khasu lakale lija ankaimbira belu kusukulu za kumudzi. Titakhota tinapeza bwalo la udzu wouma ndi chisanu, mabenchi achitsulo, ndi anyamata ovala zofiira, mmodzi atagwira chibonga.

"Awa ndi a sukulu yomweyi?" anafunsa agogo.

"Eya, koma ndi besibolo."

"Ndinawatchula awa patebulo paja?"

"Ayi, agogo."

"Kanema alipo pano?"

"Palibe."

"Tikhale."

Benchi inali yozizira moti inkaluma kudutsa buluku. Oonerera anali ochepa, makamaka makolo a osewera atafunda mabulangete, ena akumwa khofi wa m'mafulasiki. Ndinayesa kuwafotokozera malamulo mmene ndinkawadziwira kusukulu, koma Chichewa changa chinathera panjira. Agogo anandiletsa ndi dzanja, n'kuonerera okha kwa kanthawi.

"Ndamva," anatero. "Mmodzi akugenda, mmodzi akumenya, enawo akuweta ng'ombe zosaoneka."

Anawakonda masewerawo m'njira ina. Ankati basiketibolo ndi ngoma ya paukwati, koma besibolo ndi bawo: munthu umakhala, umaganiza, umayang'ana mitambo, kenako mwadzidzidzi wina wadya nkhomo zako zonse. Ankasirira mathalauza oyera aja, ndipo mnyamata akatsetsereka m'dothi ankadandaula m'malo mwa wochapa. Pakati pa wogenda ndi womenya pankakhala mpata wokwanira Tikuoneni Mariya mmodzi, ndipo agogo ankaugwiritsa ntchito, kolona ili m'thumba la jasi. "Awa ndiwo masewera a Lenti," ankatero mano akuguguda. "Kuzizira, kudikira, ndipo palibe chikuchitika."

Sabata yotsatira masukulu a chigawo chathu anayamba kulimbirana chikho chawo cha basiketibolo. Palibe amene anawauza agogo kalikonse, koma bambo anayamba kukwera makwerero akuimba mluzu, ndipo Loweruka madzulo anagula fanta popanda chifukwa. Lamulungu m'mawa, Misa itatha, Bana Chanda analephera kupirira. Anawagwira agogo padzanja pakhomo pa tchalitchi n'kuwakokera kwa wansembe wathu, mzungu wokalamba amene anakhalako zaka zambiri cha ku Chipata ndipo ankalankhula Chinyanja chakale cha m'mabuku.

"Bambo, bauzeni aba ba mdala. Lelo ni fainolo, babo na banga. Nifuna baone na maso yabo yatsopano mwamene tizabamenyela. Kuwina kopanda Mngoni wolila sikuwama."

Umu ndi mmene agogo anadziwira kuti anyamata awo afika kumapeto, ndiponso kuti akumana ndi abuluu masana omwewo.

Wansembe anamva nkhani yonse, n'kumwetulira. "Bambo Fabiano, werengani bwino masiku a Lenti. Masiku a Lamulungu sali m'kati mwa makumi anayi aja. Lamulungu lililonse ndi Pasaka wamng'ono. Lero mungathe kupenya, palibe tchimo."

Ndinali nditaima pafupi, ndipo ndinaona zala za agogo zikufinya mlomo wa chipewa. Ndikhulupirira kuti m'moyo wawo wonse sanayesedwepo ngati mphindi imeneyo, chifukwa chitseko chinatsegulidwa ndi munthu amene anali ndi makiyi ake. Anayang'ana pansi, anayang'ana msewu wopita kwathu.

"Zikomo, Bambo. Ndamva, ndipo sindikutsutsa. Koma patebulo paja ine ndinayeza nsalu yathunthu. Masiku a Lamulungu sindinawadziwe, choncho sindinawadule. Ndikayamba kuboola lero, ndikapereka chiyani, ukonde wa nsomba?"

Wansembe anawagwira paphewa. "Chabwino, achimwene. Ine ndikapenya. Pa nthawi yopumula ndikakupemphererani."

Masana amenewo nyumba yathu inadzaza. Kunabwera anzawo a bambo, azimayi ndi mapoto, ana akuthamanga pamakwerero, ndipo kanema anamuvula chitenje. Agogo anawakazingira mtedza, ulendo uno osapsereza ngakhale umodzi, kenako anavala jasi. Sanandiitane. Ndinaima pakhomo, mtima wanga uli pawiri, mpaka ndinawaona pazenera akuwoloka msewu okha, ndodo ikufufuza pansi mwa chizolowezi cha nthawi ya khungu ija. Ndinatenga jasi yanga n'kuwathamangira.

Kubwalo la besibolo kunalibe mtendere umene tinkaufuna. Pafupifupi aliyense pamabenchi anali ndi kawailesi kakang'ono pakhutu. Ngakhale osewera amene ankadikira nthawi yawo anaunjikana pakona, mitu pamodzi, ndipo sizinali za besibolo zimene ankamvera. Mpira unkagendedwa, chibonga n'kulira, koma anthu ankabuula pa nthawi yolakwika ndi kuwomba m'manja popanda chochitika. Agogo anasankha malo akutali kumapeto, anakokera chipewa mpaka kuphimba makutu, n'kuyamba kolona mokweza mawu, maso ali pa mnyamata woweta ng'ombe zosaoneka wa kumanzere. Ine ndinkawerenga nkhope za anthu. Mayi wina wa bulangete lamizeremizere analuma chala. Mkulu wina anaimirira, anakhala, anaimiriranso.

Kenako chinaphulika. Chinayambira kunyumba zogona ana asukulu kuseri kwa mitengo, mkokomo ngati mvula yamatalala ikubwera padenga lamalata, n'kufalikira pamabenchi athu. Mabulangete anauluka. Wogenda anaima mpira uli m'manja n'kutembenuka. Kumsewu waukulu magalimoto onse anayamba kuliza mahutala, ndipo anyamata ena anadutsa akuthamanga opanda malaya m'chisanu chimenecho.

Agogo anamaliza Tikuoneni Mariya amene anali pakamwa. Anatukula chipewa pang'ono mbali imodzi, n'kuchibwezera.

"Kuli ukwati," anatero.

"Agogo..."

"Ndati kuli ukwati, Bene. Azungu amakwatitsa Lamulungu."

Koma pobwerera ndodo ankaizunguza m'mwamba, ndipo ndinkachita kuthamanga kuti ndiwapeze.

Pamakwerero a nyumba yathu tinakumana ndi Bana Chanda. Anali atamanga duku labuluu, akuimba nyimbo ya Chibemba, akuvina ndi mapewa.

"Ba shikulu! Mwayenda bwanji ku ng'ombe zanu? Ine nili bwino maningi, mutima uli mbee!"

Ndodo ya agogo inatsika pang'onopang'ono.

"Nanga mahutala aja?"

"Aa, bana ba sukulu? Baliza mahutala olo baluza. Ni vopusa chabe. Koma ine sinikamba kanthu, munakana kuuziwa."

Analowa m'nyumba mwawo akuimbabe. Agogo anatsala ataima, nkhope itasokonezeka. Ine ndinaona zimene iwo sanaone, kuti maso a Bana Chanda anali ofiira. Patapita zaka, amayi anandiuza kuti mayiyo analira m'khitchini mwathu mpaka kunyowetsa kansalu kopukutira mbale, kenako atationa pazenera tikubwera anasamba kumaso, anamanga duku, n'kunena kuti, "Mdala anakana kuuziwa. Nkhope yanga isamuuze."

Choncho agogo anakhala masabata otsalawo osadziwa chenicheni. Tsiku lina ankadzuka ndi chikhulupiriro cha mahutala, tsiku lina ndi chikaiko cha duku labuluu. Kwa ine imeneyo ndiyo inali Lenti yeniyeni, yoposa maswiti. Kusukulu aliyense ankavala zofiira, ndipo ndikafika kunyumba mawu ankandiyabwa pakhosi ngati chitedze. Mpikisano wa dziko lonse unabwera n'kupita. Anyamata athu anayendako pang'ono n'kugwa, abuluu nawonso anagwa, ndipo madzulo ena khoma linangokhala chete. Bambo anasiya kukaona ngati galimoto anaikiya. Agogo anamvetsera kachetechete ameneyo ali ndi singano m'manja, n'kunena osayang'ana munthu kuti, "Anyamata apita kwawo." Usiku umenewo sanamalize nsalu imene ankasoka.

Pasaka anafika ndi dzuwa, mitengo ya pamsewu itachita maluwa oyera. Titadya mpunga ndi nkhuku, agogo anavundukula kanema okha, mwamwambo, n'kutembenuza mpando. Munali gofu. Anaonerera amuna awiri akuyenda pa udzu osalankhulana, n'kupumira m'mwamba.

Pamenepo chitseko chinagogodedwa ndi phazi. Anali Bana Chanda, atavala chitenje chatsopano cha Pasaka ndi nsapato zazitali, atasenza pamutu chinthu chokulunga m'nsalu, nthambo zikulendewera kumsana. Anali makina awo a vidiyo, amene ankajambulira mapulogalamu akakhala kuntchito. Agogo anali asanaonepo chinthu chotero. Bambo analumikiza nthambo, Bana Chanda anatulutsa tepi m'chikwama n'kuikankhira m'kati, ndipo pakanema panatulukira bwalo la matabwa, abuluu mbali iyi, ofiira mbali iyo, Nsungwi ataima pakati.

Agogo anadzuka pampando.

"Akusewera tsopano?"

"Awe, ni ya tsiku lija. Ninaisunga."

"Mwasunga tsiku m'kabokosi?" Anakhalanso pansi pang'onopang'ono, n'kutulutsa kolona. Bambo anaseka, n'kuwakumbutsa kuti zimenezi zinachitika kale, pemphero silingasinthe kanthu.

"Kale n'kwa inu, apongozi," anatero agogo. "Kwa Mulungu kulibe kale."

Sindinaonepo munthu akuonera masewera ngati mmene anaonera tsiku limenelo. Ulemu wonse wowomba m'manja kawiri unatha. Anakalipira woimbira, anachenjeza Kachiwala za munthu amene ankabwera kumbuyo kwake, anapempha Mlamu kuti akankhe ndi mtima wonse. Abuluu anatsogola, ndipo Bana Chanda, amene ankadziwa kumene zikupita, ankalulutirabe mpira uliwonse wa anyamata awo ngati mwina ulendo uno zisintha. Ofiira anayamba kukwera pang'onopang'ono. Nthawi itatsala pang'ono kutha, Kachiwala anadutsa m'khwapa mwa anthu awiri, mpira unalowa, zigoli zinafanana, agogo anaimirira manja ali pamutu.

Kanema anathethetsa mchenga. Kenako panatulukira zimene zinali kale patepiyo, azimayi atatu ovala zothina, akudumphadumpha ndi nyimbo, akutukula miyendo.

Agogo anaphimba maso ndi chipewa. "Izi ndiye ndikanasala! Anyamata anga ali kuti?"

Tonse tinatembenukira kwa Bana Chanda.

"Ninazimya," anatero motsitsa. "Pamene kaja kafupi kanaingiza, mutima unanibaba. Ninathamanga ku nyumba nazula nthambo. Manje pobweza, ninaibala kutinika ka batani."

"Ndiye zinatha bwanji?"

"Mwana azamuuzani."

"Ayi," anatero agogo, atakhala pansi n'kupingasa miyendo. "Ndinalonjezedwa kuona, osati kuuzidwa. Mwazula nthambo ndi inu, a mbuya. Ndionetseni."

Bana Chanda anayang'ana kudenga ngati akupempha thandizo, kenako anavula nsapato zazitali zija, anakwinya chitenje m'chiuno, n'kutenga lalanje m'mbale. Anaimika bambo pakhomo la khitchini atasenza dengu la zovala, amayi anakankhira tebulo kukhoma. Ndipo mayi uja, namwino wolemekezeka wa zaka zopitirira makumi asanu, anasewera mphindi zomaliza yekha, matimu onse awiri. Akakhala wofiira ankafupika n'kuthamanga chowerama, akakhala wabuluu ankatukula chifuwa n'kudzilimbikitsa m'Chibemba. Anadzilanda lalanje yekha, anadziimbira mluzu ndi zala, anakangana ndi woimbira amene analinso iye mwini. Anakhala Nsungwi, ataima pazala, n'kuponya lalanje m'dengu pamutu pa bambo. Pomaliza anakhala mnyamata wawo wabuluu amene ankamukonda koposa, anaima patali, anapuma, anaponya. Lalanje linagunda mlomo wa dengu, linagwera pansi, n'kugubuduzika mpaka kumapazi a agogo. Bana Chanda anadzigwetsa pakapeti chafufumimba.

"Mwawina," mawu anatuluka m'kapeti. "Mwawina, imwe bodya mbewa."

Agogo anatola lalanje, analipukuta ndi mpango, n'kulibweza.

"Maso angawa ndi atsopano, a mbuya, sanagwire bwino. Bwerezani pomalizira paja."

Anabwereza. Anawabwerezetsanso kachitatu, amayi akulira ndi kuseka atatsamira firiji. Kenako agogo analowa m'khitchini, anatapa ufa ndi dzanja, n'kuwaza pamutu pa Bana Chanda monga achitira achimbuya pamaliro, akunena kuti, "Pepani, pepani, ndi njira ya tonse." Atatero anawerama n'kugwada, ngakhale adokotala analetsa, n'kuwagwira manja onse awiri. Bana Chanda, ufa uli m'tsitsi ndi m'nsidze, anati, "Nyamukani ba shikulu, muzanililitsa futi."

Mwezi wa Meyi agogo anabwerera ku Mchinji. Anasokanso kwa zaka zingapo asanatisiye, ndipo m'makalata awo mzere womaliza unkakhala wofunsa ngati mayi wa kuseri kwa khoma akadali ndi mphamvu m'miyendo.

Ine tsopano tsitsi layamba kuyera, ndipo ndikukhalabe chigawo chomwechi. Sukulu ziwiri zija sizikumananso chaka ndi chaka, ofiira anasamukira ku gulu lina la masukulu akutali, ndipo ana a masiku ano sadziwa chifukwa chake ndimakwinya nkhope ndikaona jezi yabuluu m'sitima. Mkazi wanga Agnesi, asanamwalire, ankakonda kundifunsa nkhaniyi alendo akabwera, ndipo pofika pa lalanje ankadzuka n'kusewera yekha mbali ya Bana Chanda, ngakhale sanawaonepo. Kuyambira pamene anapita ndimaifotokoza nditakhala pansi, ndipo imafupika.

Mwezi wa Marichi wapitawu mwana wathu wamkazi anabwera kudzandiona, n'kundipeza ndikukonzekera kupita kubwalo la besibolo. Anakhala pampando wa mayi ake, akudinadina foni, kenako anati, "Adadi, gemu ya agogo anu ija ndaipeza. Yonse, mpaka kumapeto. Ndiike?"

Mphindi zomaliza zimenezo sindinazionepo pakanema, pakuti tsikulo ndinali pabenchi yozizira pambali pa agogo. Zimene ndikudziwa n'zakuti mpira womaliza unali lalanje, unaponyedwa ndi Mbemba wopanda nsapato, ndipo unaphonya katatu.

"Isiye, mwanawe," ndinamuuza. "Ndinaionera kale. Tenga jasi, mabenchi a kumeneko amaluma."